Tona Akakana Kugwira Mkuwa: Kuthetsa Mavuto Popanga Mabolodi a Zamagetsi Pakhomo

Dandaulo lake limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wakhala akupanga mabolodi a zamagetsi pakhomo kwa zaka. Amasindikiza chithunzi cha tinjira todutsa magetsi pa printa ya leza, n'kuchisita pa mkuwa ndi simbi, n'kuviika m'madzi kuti pepala lichoke, kenako n'kuika bolodi m'mankhwala odya mkuwa, ndipo limatuluka bwinobwino. Tsiku lina katiriji, kabokosi kosunga ufa wa printa, yatha, waikamo ina, kapena wabweretsa printa yatsopano. Simbi ndi yomweyo, pepala ndi lomwelo, manja ndi omwewo, koma tona, ufa wakuda umene printa imalembera, akukana kugwira. Akagwira akuyenderera, kapena mkuwa ukutuluka uli timabowo tokhatokha ngati sefa.

Chimene chasintha ndi ufa wakuda uja. Anthu ambiri amauona ngati chinthu chimodzi m'maprinta onse, pamene kampani iliyonse imasakaniza wake, ndipo ogulitsa ufa wodzazira makatiriji amasakanizanso wawo. Ine ndinatayapo mabolodi ambiri ndikuonjezera moto wa simbi ndisanazindikire zimenezi, ndipo sindikufuna kuti inu mudutse njira yomweyo.

## Zimene zili mu tona

Tona si inki. Ndi ufa wa pulasitiki wosakaniza ndi zinthu zina, n'chifukwa chake printa ya inki yamadzi singathandize pa ntchito imeneyi.

- Pulasitiki. Kawirikawiri ndi styrene-acrylate kapena polyester. Uyu ndiye amamata pa mkuwa ndi kuutchinga ku mankhwala. Amayamba kufewa pa madigiri a Celsius 55 mpaka 65, ndipo m'printa amasungunulidwa ndi fuser, chipangizo chomatira tona pa pepala, yotentha madigiri 150 mpaka 200.
- Chodetsa. Ndi carbon black, mwaye wosalala kwambiri. Ndi gawo laling'ono chabe.
- Magnetite. Ndi ufa wachitsulo wokokedwa ndi maginito. Umapezeka m'makatiriji ambiri a HP ndi Canon osindikiza zakuda zokha, ndipo m'ena umafika pafupifupi theka la kulemera kwa tona yense. Chitsulo chimenechi sichisungunuka pa moto wa simbi, sichimatanso.
- Phula. Ntchito yake ndi yakuti tona asakakamire ku chogudubuza chotentha cha fuser. Tona wa maprinta a mitundu komanso wa maprinta ambiri atsopano amakhala ndi phula lochuluka.
- Silica ndi mankhwala ogwira magetsi. Amathandiza ufa kuyenda osaumbika ndiponso kukakamira pamalo oyenera pa dramu, chogudubuza chimene chimasamutsira chithunzi pa pepala.

Phula lija ndi loyenera kulimvetsa bwino. Tona akamasungunuka m'printa, phula limakwera pamwamba, mbali imene ikukhudza chitsulo chotentha, kuti pepala lidutse osamatirira. Tsono ife timatenga mbali yomweyo n'kuitembenuzira pa mkuwa wotentha, tikufuna kuti imate. Tona anapangidwa kuti agwire pepala ndi kusiya chitsulo, ife tikumuuza kuti asiye pepala agwire chitsulo. Mavuto angapo m'munsimu akuchokera pamenepa.

Palinso kusiyana kwa kapangidwe. Tona wakale ankachita kupera, ndipo timibulu take tinali tokhakhala, ta ma micron 8 mpaka 12 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Wambiri wa masiku ano amakulitsidwa m'mankhwala, timibulu take ndi tozungulira, ta ma micron 5 mpaka 7. Zilembo zimaoneka zakuthwa, koma tona amene wagona pa pepala amakhala wopyapyala, ndipo kupyapyala ndi mdani wa wopanga bolodi.

## Yambani mwamudziwa tona wanu

Musanafufuze vuto lililonse, chitani zinthu zitatu izi.

1. Pezani chikalata cha chitetezo cha katiriji yanu, chimene amachitcha SDS. Chigawo 3 chimatchula mtundu wa pulasitiki, phula, ndi iron oxide, ndiye magnetite uja, ngati ilimo.
2. Ngati chikalata palibe, monga zimakhalira ndi ufa wodzazira, yandikizani maginito okulunga m'pulasitiki ku ufa pang'ono wotayika. Ukadumphira ku maginito, muli chitsulo.
3. Konzani kachithunzi koyesera: tinjira ta mamilimita 0.2, 0.3, 0.5 ndi 1, mipata yofanana nato, ndi kabokosi kakuda ka sentimita imodzi. Yeserani pa zidutswa za bolodi, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukasintha pepala, moto ndi nthawi pamodzi, simudziwa chimene chathandiza.

## Tona akuchoka limodzi ndi pepala

Mwaviika, mwasenda pepala, tinjira tina tatsala pa mkuwa, tina tapita ndi pepala.

1. Mkuwa sunayere. Ngakhale nkhani yathu ndi ya tona, ichi ndicho chimayambitsa vutoli koposa zonse, ndipo sindingakubisireni. Thirani madzi pa mkuwa. Akayalana ponseponse, ndi woyera. Akaumbika timadontho, pali mafuta. Kwechani ndi sandipepa wosalala kwambiri, tsukani ndi sopo wa mbale, pukutani ndi asetoni kapena mowa wa isopropyl mpaka kansalu kazituluka koyera. Mukatero gwirani m'mphepete mokha.

2. Moto sunafike pa mkuwa. Mkuwa umamwaza kutentha mofulumira, ndiye simbi ikhoza kukhala yotentha pamene bolodi silinafike. Zimaonekera m'mphepete ndi m'makona. Ikani bolodi pa thabwa, osati pa chitsulo kapena simenti. Litenthetseni kaye kwa mphindi imodzi musanaike chithunzi, ndipo muzimitse nthunzi ya simbi. Pansi pa simbi pali timabowo ta nthunzi pamene sipadinda, choncho muziyendetsa.

3. Tona wanu amasungunuka pa moto waukulu. Ngati mkuwa ndi woyera ndipo tona wa printa ina akugwira pa moto womwewo, vuto ndi pulasitiki wake. Pa chosinthira moto cha simbi, madontho awiri ndi pafupifupi madigiri 150, atatu ndi pafupifupi 200. Kwezani pang'onopang'ono, muonjezerenso nthawi. Makina okutira mapepala ndi pulasitiki, a lamineta, ambiri safika pa moto umene tona wotere amafuna, ngakhale mutadutsitsa bolodi kakhumi. Mkuwa ukayamba kusanduka wofiirira kapena wabuluu tona asanagwire, lekani. Tona ameneyo si wa ntchito imeneyi, ndipo kusintha katiriji kapena kukasindikiza pa makina ena n'kosavuta kuposa kulimbana naye.

4. Phula lachuluka. Chizindikiro chake n'chakuti chithunzi chimasamuka chonse, chooneka bwino, koma chikhadabo chikangokhudza chimasendeka ngati khungu. Tona wotere amafuna mkuwa wokhakhala pang'ono kuti apeze pogwira. Mukatsuka bolodi, liviikeni masekondi 10 mpaka 20 m'mankhwala odya mkuwa mpaka kunyezimira kutha, tsukani, umitsani, kenako sitani. Njira imeneyi yandipulumutsira mabolodi ambiri kuposa njira ina iliyonse.

5. Pepala lagwira tona kwambiri. Pa pepala wamba la mu ofesi tona amalowa mu ulusi ndipo satulukamo. Gwiritsani pepala lonyezimira la magazini, pepala losamutsira tona, kapena pepala loterera lotsala mukamatula zomata.

6. Mwasenda bolodi likadali lotentha. Tona wofewa amatsatira pepala. Dikirani lizizire, muviike mphindi 10 kapena kuposa, pepala lifewe lokha.

## Tinjira tafufuma, tina tagundana

Apa tona wagwira, koma wayenderera. Kanjira ka mamilimita 0.3 kasanduka 0.5, ndipo timabowo ta pakati pa malo owotcherera tatsekeka.

1. Mwadinda kwambiri. Tona akasungunuka amakhala ngati phala, ndipo mukamukanikiza amathawira m'mbali. Anthu amene anazolowera tona wouma mtima amagonera simbi ndi thupi lonse, ndipo chizolowezi chimenecho chimaononga tona wofewa.

2. Tona ndi wosungunuka msanga. Maprinta ambiri atsopano anapangidwa kuti azitentha mwachangu ndi kudya magetsi ochepa, choncho tona wake, kawirikawiri wa polyester, amasungunuka pa moto wochepa ndipo amapyapyala mwadzidzidzi. Mpata wa pakati pa kusagwira ndi kuyenderera umakhala wochepa zedi. Tsitsani simbi kufika pa madontho awiri kapena kucheperapo, mutalikitse nthawi m'malo mokweza moto.

3. Pepala linasuntha. Tinjira tonse timaoneka topendekera mbali imodzi. Pindirani m'mphepete mwa pepala kuseri kwa bolodi, mumate ndi tepi yopirira moto, ndipo pa masekondi 30 oyamba simbi ingokhala malo amodzi.

4. Pepala ndi loterera kwambiri. Pa pepala la zomata tona alibe chomugwira m'mbali. Pepala la magazini limamugwira bwino, n'chifukwa chake ndimalikonda pa tinjira tating'ono.

5. Printa ya mitundu yasanjikiza matona anayi. Printa zina zimapanga chakuda poika buluu, chofiira ndi chikasu pansi pa tona wakuda. Mulu wake umakula, zomwe zimathandiza pa timabowo, koma mitunduyo sigona ndendende pamalo amodzi. Pa tinjira topyapyala sankhani kusindikiza ndi tona wakuda yekha.

## Mkuwa watuluka uli timabowo

Vuto ili ndi lopweteka chifukwa limabisala mpaka kumapeto. Bolodi limaoneka lakuda bii, mwalidyetsa mankhwala, mwachotsa tona, ndipo malo aakulu a mkuwa ali mathothomathotho. Maso amanyengeka ndi kuda. Tona akhoza kuda kwambiri chifukwa cha mwaye ndi chitsulo pamene pulasitiki wotseka mipata ndi wochepa.

Musanasite, ikani pepala losindikizalo pa windo kapena pa tochi. Kuwala kukamadutsa m'malo akuda, mankhwala adutsanso pomwepo.

1. Printa ikusunga tona. Zimitsani chosankha chopulumutsa tona, ndipo kuda kwake mukukweze mpaka pamapeto. Pa maprinta ena chosankha chimenechi chili pa printa penipeni, osati pa kompyuta.

2. Malo akuda akula kwambiri. Printa ya leza imathira tona wambiri m'mphepete mwa chithunzi ndi wochepa pakati, chifukwa mphamvu ya magetsi yokoka ufa pa dramu imakula m'malire. Pa zilembo palibe amene amazindikira, koma pa dera lalikulu la mkuwa lotchedwa ground zimaonekera. Pa pulogalamu yojambulira bolodi, dera lotere lipangeni la timizere topingasana ngati ukonde m'malo moliika lakuda lonse.

3. Katiriji yatsala pang'ono kutha kapena dramu yakalamba. Mudzaona mizere yotuwa yotsika ndi pepala, kapena chilema chobwerezabwereza pa mtunda wofanana. Kugwedeza katiriji pang'ono kumathandiza kwa masamba ochepa basi.

4. Ufa wodzazira sukugwirizana ndi printa. Printa iliyonse inakonzedwera tona wogwira magetsi mwa mlingo wake. Ufa wina ukalowamo, umagwa wochepa pamene ukufunika. Sindikunyoza ufa wodzazira wonse, wina umasamuka bwino kuposa wa kampani. Vuto lake n'lakuti botolo la lero silifanana ndi la mawa, ndiye botolo latsopano lililonse liyambe ladutsa pa kachithunzi koyesera.

5. Chitsulo chachuluka, pulasitiki wachepa. Tona wa magnetite nthawi zambiri amagwira bwino ntchito imeneyi, koma akagona wopyapyala timibulu take sitilumikizana mokwanira. Mukachotsa pepala ndi kuumitsa bolodi, litenthetseni kuchokera kunsi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osakhudza pamwamba, mpaka tona ayambe kunyezimira pang'ono. Pulasitiki amayenderera n'kutseka mipata. Palinso kapepala kopyapyala kobiriwira kotchedwa toner reactive foil, kamene mumasitira pamwamba pa tona ndipo kamamata pamene pali tona pokha. Malo aakulu mukhoza kungowapaka polishi ya zikhadabo.

6. Bolodi lakhalitsa m'mankhwala. Mkuwa wa bolodi wamba ndi wokhuthala ma micron 35. Mankhwala odya mkuwa a ferric chloride atsopano, ofunda, mukamagwedeza chotengera, amaumaliza m'mphindi 10 mpaka 20. Mukapyola theka la ola, mankhwala afooka kapena azizira, ndipo mphindi iliyonse yoonjezera ikupatsa mankhwalawo mpata wolowa m'timing'alu ta tona.

7. Asidi akudya chitsulo cha mu tona. Magnetite amasungunuka mu hydrochloric acid. Ngati mumadyetsa mkuwa ndi asidi ameneyu wosakaniza ndi hydrogen peroxide, ndipo tona wanu ndi wokokedwa ndi maginito, timibulu tachitsulo toonekera pamwamba tingathe kudyeka. Yesani kachidutswa kena mu ferric chloride kapena sodium persulfate, amenenso ndi mankhwala odya mkuwa, mufananize.

## Tona akumatuka bolodi lili m'mankhwala

Mukuona tizidutswa takuda tikuyandama, kapena tinjira tatuluka toonda ndi todukaduka.

1. Sanagwire kuchokera pachiyambi. Musanaviike, kandani pakona ndi chikhadabo, kapena matani tepi n'kuimatula. Tona wogwira bwino sachoka. Akachoka, pukutani ndi asetoni muyambirenso, bolodi likadali lamoyo.
2. Mankhwala atentha kwambiri. Kumbukirani kuti pulasitiki uja amafewa kuyambira pa madigiri 55. Mankhwala akhale pa 40 mpaka 45, asapyole 50. Persulfate amaonongekanso akatentha kuposa pamenepo.
3. Peroxide wachuluka. Thovu lamphamvu limanyamula tona kuchokera m'mphepete, ndipo madziwo amadzitenthetsa okha.
4. Mwakwecha ndi chinthu cholimba. Siponji yofewa kapena kugwedeza chotengera n'kokwanira.
5. Mankhwala alowa pansi pa tona. Amadya chotsika ndi cham'mbali nthawi imodzi, choncho kanjira kalikonse kamaonda pang'ono. Litulutseni bolodi mkuwa wosafunika ukangotha, ndipo pamene malo alipo musajambule kanjira kochepera mamilimita 0.3.

Ngati munakonza malo oduka ndi cholembera chosafufutika, dziwani kuti inki yake sipirira ngati tona, makamaka mu persulfate. Pakani kawiri kapena katatu, iume kaye musanapakenso.

## Mkuwa watsalira pakati pa tinjira

Choyamba kuganizira ndi choyera cha pepala. Pepala lonyezimira limakutidwa ndi dothi loyera losalala, ndipo dothilo likatsalira m'mipata limatchinga mkuwa ngati tona. Bolodi likanyowa silioneka, likauma limayera mbuu. Pamwamba pa tona lisiyeni, limathandiza kutseka timabowo. M'mipata lichotseni ndi chala kapena mswachi wofewa pansi pa madzi.

Mukaona timadontho ta mkuwa tomwazika bolodi lonse ngati mchenga, yang'anani pepala losindikiza ndi galasi lokulitsa. Tona wosagwira magetsi bwino, wakale kapena wokhala pachinyezi, amawaza fumbi lotuwa pamalo oyenera kuyera, ndipo kadontho kalikonse kamasamukira pa mkuwa. Kutsitsa kuda kwa printa pang'ono kumachepetsa fumbilo, koma mankhwala ake enieni ndi katiriji ina. Zotsalazo ndi thovu la mpweya lokakamira pa bolodi ndi zidindo za zala. Musanawotcherere chilichonse, yezani tinjira toyandikana pogwiritsa multimeter, chipangizo choyezera magetsi, kuti muone ngati pali shoti.

## Njira yozizira ikusungunula chithunzi, kapena sikuchita kanthu

Ena sasita konse. Amanyowetsa mkuwa ndi mowa wosakaniza ndi asetoni, n'kuika chithunzi, n'kudinda. Ambiri amayambira pa magawo 8 a mowa ndi magawo 3 a asetoni. Muyeso umenewu si lamulo, chifukwa styrene-acrylate ndi polyester safewa mofanana mu asetoni. Chithunzi chikasungunuka n'kuyenderera, onjezerani mowa. Tona akakhala gwa osamata, onjezerani asetoni pang'ono ndi masekondi odikira musanadinde. Zonsezi zimayaka moto msanga, zisayandikire simbi kapena lawi.

## Tona sakuchoka mukamaliza

Asetoni amachotsa matona ambiri. Wina amangopakika n'kudetsa bolodi lonse, ndiye pukutani mbali imodzi ndi kansalu katsopano ulendo uliwonse. Wokanika amachoka ndi thina wa penti kapena sandipepa wosalala pansi pa madzi. Musakweche mopitirira, mkuwa wake ndi wochepa kale.

## Pamene muyenera kuleka

- Mkuwa watupa matuza kapena bolodi likununkha kupsa. Guluu wa pansi pa mkuwa waonongeka. Bolodi la FR-2, lopangidwa ndi pepala ndi pulasitiki wa phenolic, limapsa msanga kuposa la FR-4, lopangidwa ndi ulusi wa galasi. Litayeni.
- Pepala lasungunukira m'printa. Mapepala ena a zithunzi a printa ya inki ali ndi pulasitiki amene amamatirira pa fuser. Zimitsani, zulani pulagi, itanani wokonza maprinta. M'katimo muli moto ndi magetsi amphamvu, ndipo kukanda chogudubuza ndi mpeni kumachiononga.
- Mukufuna kukweza moto wa lamineta posintha za m'kati. Musachotse fyuzi yoteteza kutentha. Ntchito imeneyi ndi ya katswiri wa zamagetsi.
- Bolodi lidzalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, kapena lidzanyamula mphamvu yaikulu ya mabatire a lithium. Kanjira kokhala ndi timabowo kamatentha, ndipo kadontho ka mkuwa kotsalira kamafupikitsa mpata woteteza. Lotere kalipangitseni ku fakitale ya mabolodi, ndipo katswiri aone chojambula chake.
- Bolodi likufuna tinjira tochepera mamilimita 0.2 kapena mabowo okutidwa mkuwa m'kati. Apa njira ya tona yafika pamalire ake.
- Fungo loluma m'mphuno, kutsokomola kapena kubanika. Asidi ndi peroxide wochuluka zimatulutsa mpweya wa chlorine. Tulukani panja, ndipo kupuma kukavuta pitani kuchipatala msanga. Asidi asakumane ndi bulitchi, ndipo posungunula muzithira asidi m'madzi, osati madzi mu asidi.
- Mankhwala agwera m'diso. Tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala mutatenga dzina la mankhwalawo. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso muzivala nthawi zonse.

Chotengera mankhwala chikhale cha pulasitiki kapena galasi, osati chachitsulo, makamaka aluminiyamu amene amawira nawo mwaukali. Persulfate wosungunula ndi msakanizo wa peroxide zimatulutsa mpweya zikakhala, choncho botolo lake lisatsekedwe kolimba. Mankhwala otha ntchito ali ndi mkuwa umene umapha nsomba ndi zamoyo za m'madzi, ndipo ferric chloride amadya mapaipi achitsulo. Musawathire mu sinki kapena pansi. Asungeni m'botolo lolembedwa bwino, kutali ndi ana, mufunse oyang'anira zinyalala zoopsa kumene muli za kokawasiya.

Ufa wa tona ukatayika, pukutani ndi kansalu konyowa ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amausungunulira pa nsalu ndi pakhungu. Musaukoke ndi makina wamba okokera fumbi. Timibulu take timadutsa sefa yake n'kubwerera mu mpweya umene mukupuma, ndipo fumbi losalala chotere likhoza kuyaka likafika pa mota.